Si ganizo lililonse limene limanena zoona

Pali mawu ena amene munthu sawatulutsa pakamwa koma amawamva pafupifupi tsiku lililonse. Amabwera pamene akulemba kalata yofunsira ntchito, pamene waimirira kuti alankhule pagulu, kapena usiku anthu ena onse atagona: "Iwe sungathe." "Aliyense akuona kuti palibe chimene ukudziwa." "Unalephera kale, ulepheranso." Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri pa mawu amenewa ndi mmene amafikira. Amafika ngati nkhani yodziwika kale, yosafunanso umboni, ndipo chifukwa chakuti amalankhula ndi liwu lathu lomwe, sitiwafunsa kumene achokera. Munthu wina atatiuza zomwezo pamaso, tingakwiye ndipo mwina tingamutsutse, koma zikachokera m'mutu mwathu timangovomereza n'kusiya chimene tinafuna kuchita.

Ndikulemba nkhaniyi chifukwa ndikukhulupirira kuti malangizo amene afala kwambiri pa vutoli ndi osakwanira, ndipo nthawi zina amapweteka munthu yemweyo amene akufuna thandizo. Timauzana kuti "ingoganiza zabwino", "chotsa zimenezo m'mutu", "uzidziuza kuti ndiwe wopambana". Onena mawuwa amakhala ndi mtima wabwino, koma amene anayesapo kuwatsatira ali pa nthawi yovuta akudziwa kuti ganizo lija limangobisala pang'ono n'kubwereranso lili ndi chinenezo chatsopano, chakuti ngakhale kuganiza zabwino komweko wakulephera. Zimene akatswiri a zamaganizo apeza pa zaka zoposa 60 zapitazi zikuloza kwina: ganizo lofooketsa limatha mphamvu likafunsidwa umboni, ndipo kudzikhulupirira kumakula kuchokera pa zinthu zimene munthu wachita n'kuziona ndi maso ake.

Mmodzi mwa anthu amene anathandiza kwambiri kuti zimenezi zimveke ndi Aaron Beck, dokotala wa matenda a maganizo wa pa yunivesite ya Pennsylvania ku America, amene anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 100. Iye anaphunzira njira ya Sigmund Freud, katswiri wakale wa zamaganizo wa ku Austria, yomwe inkaphunzitsa kuti munthu wovutika maganizo amakhala ndi mkwiyo wobisika umene wautembenuzira kwa iye mwini. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, Beck anayamba kufufuza maloto a odwala ake pofuna kutsimikizira chiphunzitso chimenechi, koma anapeza zosiyana ndi zimene ankayembekezera. M'malo mwa mkwiyo, malotowo anali odzaza ndi kutaya zinthu, kukanidwa ndi kulephera, zomwezo zimene odwalawo ankaganiza masana ali maso. Anafotokozanso za mayi wina amene ankalankhula momasuka kwa nthawi yaitali, koma pomaliza n'kunena kuti ali ndi nkhawa. Atamufunsa bwinobwino, zinadziwika kuti nthawi yonseyo mayiyo ankadziuza mumtima kuti akumutopetsa dokotalayo ndi nkhani zosasangalatsa. Ganizo limeneli linkayenda kunsi kwa mawu ake onse, mwachangu ndiponso losaitanidwa, ndipo anali asanalitchulepo chifukwa sankaliona ngati ganizo loti n'kulikayikira.

Beck anaona kuti maganizo ongobwera okha ngati amenewa amakonda kuloza mbali zitatu, zomwe ndi munthu mwiniyo, dziko limene akukhalamo ndi tsogolo lake, moti wovutikayo amadziona wachabechabe, amaona kuti anthu samufuna, ndipo amatsimikiza kuti palibe chimene chidzasinthe. Anaonanso kuti amapotoka m'njira zofanana mwa anthu osiyanasiyana. Wina amaona kuti ngati sanachite bwino kotheratu ndiye kuti walepheratu. Wina amatenga chochitika chimodzi n'kuchisandutsa lamulo la moyo wake wonse. Wina amaona ngati akudziwa zimene zili m'mitima ya ena, moti mnzake akangochedwa kuyankha uthenga, nkhani yatha, wamuda. Kuchokera pa zimene anapezazi kunabadwa chithandizo cha uphungu chothandiza munthu kusintha kaganizidwe ndi zochita zake, chimene lero chimadziwika ndi dzina lachidule lakuti CBT, chomwe ndi chimodzi mwa zithandizo za maganizo zimene zafufuzidwa kwambiri padziko lonse.

Mwa kupotoka konseku, kumene ndimakuona koopsa kwambiri ndi kuchotsera phindu chilichonse chabwino chimene munthu wachita. Akakhoza mayeso amati anali osavuta, akayamikiridwa pa ntchito amati abwana angomumvera chisoni, akapambana amati unali mwayi chabe. Koma akalephera, pamenepo ndiye sakayikira kuti ndi iyeyo weniweni amene waonekera. Munthu wotere angathe kuchita zazikulu kwa zaka zambiri osapindula nazo kanthu mumtima, chifukwa umboni uliwonse wom'komera umatayidwa usanawerengedwe n'komwe. Mu 1978, Pauline Clance ndi Suzanne Imes analemba za amayi ophunzira kwambiri ndiponso ochita bwino pa ntchito zawo amene ankakhala ndi mantha akuti tsiku lina anthu adzazindikira kuti iwo si anzeru ngati mmene akuonekera. Madigiri ndi maudindo awo sanachotse manthawo. Izi zikutiphunzitsa kanthu kofunika, kuti kuchita bwino pakokha sikukwanira ngati munthuyo sakulola kuti zimene wachitazo ziwerengedwe kuti ndi zake.

N'chifukwa chiyani maganizo ofooketsa amatigwira mwamphamvu chonchi? Chifukwa chimodzi n'chakuti ubongo wa munthu umapereka chidwi chachikulu ku zoipa kusiyana ndi zabwino. Mu 2001, Roy Baumeister ndi anzake anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wokhudza maukwati, ndalama, kuphunzira ndi mmene anthu amaweruzirana, ndipo anapeza kuti pafupifupi paliponse chinthu choipa chimalemera kuposa chabwino cha msinkhu womwewo. Aliyense amene anayamikiridwapo ndi anthu ambiri n'kunyozedwa ndi mmodzi akudziwa mawu amene anapita nawo kukagona. Chifukwa china n'chakuti zimene timakumbukira zimatsatira mmene tikumvera pa nthawiyo. Munthu akakhumudwa, zolephera zake zakale zimabwera zokha mwa ndondomeko, pamene masiku amene anachita bwino amakhala ngati sanachitikepo. Choncho akadzifunsa kuti, "Kodi ndinayamba ndachitapo chanzeru?" yankho limene limafulumira kubwera limachokera ku kukhumudwako, osati ku mbiri yonse ya moyo wake.

Ndiyeneranso kunena kuti ambiri mwa mawu amene timadzinyoza nawo sitinawapeke tokha. Tinawamva kwa kholo lotopa, kwa mphunzitsi wosaleza mtima, kwa mnzathu wa m'banja amene ankafuna kutilamulira, kapena kwa anzathu a paubwana amene anaiwala kalekale zimene ananena. Mwana alibe mphamvu zopenda zimene akuluakulu akumuuza za iye, amangozisunga, ndipo patapita zaka amazilankhula yekha osakumbukiranso mwini wake. Zimandipweteka mtima kuona munthu wamkulu, wodalirika, amene ena amathawira kwa iye pa mavuto, akudziyesabe ndi muyeso umene anapatsidwa ndi munthu wokwiya iye ali ndi zaka 9. Kudziwa kumene mawuwo anachokera sikuwathetsa, koma kumatsegula mpata wofunsa ngati amene anawanenayo ankadziwadi zimene ankanena.

Njira yoyamba imene ambiri timathamangira ndiyo kuyesa kulithamangitsa ganizolo. Mu 1987, Daniel Wegner ndi anzake anachita kafukufuku wosavuta koma wotsegula maso. Anauza anthu kuti kwa mphindi 5 azinena mokweza zonse zimene zikubwera m'maganizo mwawo, koma ayesetse kuti asaganize za chimbalangondo choyera, ndipo akangochiganiza aziliza belu. Belulo linkalira mobwerezabwereza. Chodabwitsa kwambiri chinachitika pambuyo pake, atawalola kuganiza za chimbalangondocho, chifukwa amene anayamba ndi kuchiletsa anachiganiza kwambiri kuposa amene analoledwa kuyambira pachiyambi. Wegner anafotokoza kuti munthu akamaletsa ganizo, mbali ina ya maganizo ake imakhala ikuyang'anira ngati ganizolo labwera, ndipo kuyang'anira komweko ndi kumene kumalisunga pafupi. Ndiye munthu amene akudzilamula kuti "ndisaganizenso kuti ndine wolephera" wadzipatsa ntchito yokumbukira mawu amenewo tsiku lonse.

Njira yachiwiri ndiyo kudzitamanda ndi mawu okoma. Imeneyi yafala kwambiri m'mabuku olimbikitsa ndi pa intaneti, ndipo ndikumvetsa chifukwa chake imakopa, popeza imalonjeza kusintha kosafuna kukumana ndi chimene tikuopa. Koma mu 2009, Joanne Wood ndi anzake a pa yunivesite ya Waterloo ku Canada anaiyesa. Anauza ophunzira kuti azibwereza mumtima mawu akuti iwo ndi anthu oyenera kukondedwa. Amene ankadziona bwino kale anamvako bwino pang'ono, koma amene ankadziona otsika, omwe ndi amene malangizowa amalembedwera, anatuluka ali okhumudwa kwambiri kuposa anzawo amene sanabwereze mawuwo. Chifukwa chake n'chosavuta kuchimvetsa. Mukadziuza chinthu chimene mtima wanu sukuchikhulupirira ngakhale pang'ono, mtimawo umayamba kutsutsa, ndipo umatulutsa zifukwa zonse zosonyeza kuti mawuwo ndi abodza.

Phunziro lomweli linaoneka ngakhale pa nkhani za boma. Mu 1986, chigawo cha California ku America chinakhazikitsa komiti yolimbikitsa anthu kudziona kuti ndi ofunika, motsogozedwa ndi maganizo a phungu wina dzina lake John Vasconcellos, amene ankakhulupirira kuti zimenezi zichepetsa umbanda, kulephera kusukulu ndi mavuto ena. Patapita zaka, mu 2003, Baumeister ndi anzake atapenda kafukufuku amene analipo, anapeza kuti kukweza mmene ana amadzionera sikunkawachititsa kukhoza bwino m'kalasi, ndipo kuti kawirikawiri zimayenda mbali inayo, mwana amayamba wakhoza kenako n'kudziona bwino.

Ngati kuthamangitsa sikuthandiza ndipo kudzitamanda sikukwanira, chotsala ndi kulifunsa ganizolo. Ine ndimaziona ngati kuzenga mlandu mwachilungamo. Ganizo lofooketsa ndi mboni imodzi chabe, koma ife tinalikhazika pa mpando wa woweruza. Chofunika ndi kulibwezera pamalo pa mboni, kulimvetsera mpaka limalize kulankhula, kenako n'kuitana mboni zina zimene sizinapatsidwe mpata.

Tiyerekeze munthu amene anaitanidwa kukayankha mafunso a ntchito koma sanatengedwe. Chinthu choyamba chimene akatswiri amalangiza ndi kulemba, chifukwa ganizo likakhala m'mutu limathamanga ndipo limasintha maonekedwe, koma likakhala papepala limaima malo amodzi. Alembe zinthu zitatu mosiyanitsa: chimene chachitika, chimene wadziuza, ndi mmene akumvera. Chimene chachitika n'chakuti sanatengedwe pa ntchito imodzi. Chimene wadziuza n'chakuti palibe amene adzamulembe ntchito chifukwa ndi wosathandiza. Mmene akumvera ndi manyazi ndi kutaya mtima. Kusiyanitsa kumeneku kunaphunzitsidwa kwambiri ndi Albert Ellis, katswiri wa zamaganizo wa ku New York, amene anayambitsa njira yake mu 1955, ndipo iye mwini ankanena poyera kuti anatengera nzeru za Epictetus, wafilosofi wakale amene anabadwa ali kapolo mu ulamuliro wa Aroma, yemwe anaphunzitsa kuti chimene chimasautsa anthu kwenikweni ndi mmene amaziweruzira zinthu zimene zawachitikira. Munthu akaona zitatuzi zitalembedwa, amazindikira kuti manyazi akewo akuchokera pa chiganizo chapakaticho, ndipo chiganizo chimenecho n'chimene chingathe kufunsidwa.

Mafunso ake si ovuta, koma amafuna kuona mtima. Kodi pali umboni wanji wakuti ganizoli ndi loona? Funso limeneli liyankhidwe mokwanira, osabisa kanthu, chifukwa mwina n'zoona kuti funso lina sanaliyankhe bwino. Nanga pali umboni wanji wotsutsa? Apa ndi pamene munthu amafunika kudekha, popeza monga taonera, kukhumudwa kumabisa zimene zimamukomera. Akafufuza apeza kuti anasankhidwa pakati pa ofunsira ena kuti akaonekere, kuti pa ntchito kapena pa sukulu ina anthu ankamudalira, ndiponso kuti sakudziwa n'komwe chimene olemba ntchitowo anatsata posankha. Kodi pali njira ina yofotokozera zimene zachitika? Ndipo ngakhale choopedwacho chitachitikadi, kodi angachite chiyani? Pomaliza amalemba chiganizo chatsopano, chimene chiyenera kukhala choona osati chongokoma: "Sindinatengedwe pa ntchito iyi, funso limodzi linandivuta ndipo ndikulidziwa, koma ndinafika pamene ambiri sanafike, ndipo ndingakonzekere bwino ulendo wina." Chiganizo chotere mtima sungachikane, chifukwa mulibe bodza.

Pali zizindikiro zitatu zimene zimathandiza kugwira ganizo lopotoka msanga. Lyn Abramson, Martin Seligman ndi John Teasdale anafotokoza mu 1978 kuti anthu amene amataya mtima mwachangu amakonda kufotokoza zovuta zawo ngati zochokera mwa iwo okha, zosatha, ndiponso zokhudza mbali zonse za moyo. Choncho mukamva mumtima mwanu mawu ngati "nthawi zonse", "palibe ndi tsiku limodzi lomwe", "chilichonse" kapena "ndi mmene ndinabadwira", imani kaye. Mawu amenewa kawirikawiri amanena zochuluka kuposa zimene umboni ungathe kunyamula. Ellis anawonjezera mawu ena oyenera kuwakayikira, omwe ndi akuti "ndiyenera": ndiyenera kukondedwa ndi aliyense, ndiyenera kusalakwitsa. Kufuna kuchita bwino ndi chinthu chabwino, koma kukusandutsa lamulo losaphwanyika kumachititsa kuti cholakwa chilichonse chaching'ono chioneke ngati chiweruzo cha moyo wonse.

Funso limene ndimaliona lamphamvu kuposa onse ndi ili: mnzanu amene mumamukonda atakumana ndi zomwezi, kodi mungamuuze chiyani? Palibe munthu wamtima wabwino amene angauze mnzake wolira kuti, "Inde, ndiwe wachabechabe, usayesenso." Timadziwa kulankhula mwanzeru ndi mwachifundo kwa ena chifukwa timaona vuto lawo tili chapatali pang'ono. Ethan Kross ndi anzake a pa yunivesite ya Michigan anasonyeza mu 2014 kuti ngakhale kungodzilankhula potchula dzina lako, ngati kuti ukulangiza munthu wina, kumachepetsa nkhawa pokonzekera zinthu zovuta monga kulankhula pagulu. Ena amaopa kuti akadzichitira chifundo adzakhala aulesi, ndipo amakhulupirira kuti kudzikalipira n'kumene kumawayendetsa. Ndikumvetsa manthawo, koma umboni sukuwachirikiza. Mu 2012, Juliana Breines ndi Serena Chen anapeza kuti ophunzira amene analephera mayeso ovuta n'kulimbikitsidwa kudzimvera chifundo anathera nthawi yaitali akuwerenga pokonzekera mayeso otsatira. Munthu amene sakuopa kuti adzikhaulitsa yekha amatha kuyang'ana cholakwa chake mwachindunji n'kuchikonza.

Komabe, kufunsa papepala kuli ndi malire ake. Munthu angathe kuvomereza m'mutu kuti ganizo lake ndi lopotoka, koma thupi lake n'kumanjenjemerabe nthawi ikafika. Apa ndi pamene ntchito ya Albert Bandura wa pa yunivesite ya Stanford imandigwira mtima kwambiri. Iye ankathandiza anthu oopa njoka, ena mwa iwo oopa kwambiri moti sankatha kuyenda m'malo a udzu ndipo ankalota maloto oopsa. Sankawauza kuti ndi olimba mtima. Ankawatsogolera pang'onopang'ono, kuyambira pa kuyang'ana njoka yosaluma ili patali kuseri kwa galasi, kuona munthu wina akuigwira, kuyandikira, kuikhudza atavala magolovesi, mpaka kuinyamula ndi manja. Ambiri ankafika pamenepa m'maola ochepa chabe. Atawafunsa pambuyo pake, ena ananena kuti ayamba kuchitanso zinthu zina zimene ankaziopa zosakhudzana ndi njoka, monga kulankhula pagulu, chifukwa anali ataona okha kuti chinthu chimene ankati sangachithe chatheka.

Mu 1977, Bandura anafotokoza kuti chikhulupiriro chakuti "ndingathe" chimachokera ku zinthu zinayi, ndipo si zofanana mphamvu. Champhamvu kwambiri ndi kuchita chinthucho n'kuona chikutheka. Chotsatira ndi kuona munthu wofanana nawe akuchichita. Mawu olimbikitsa ochokera kwa ena amathandiza, koma ndi ofooka poyerekeza ndi ziwiri zoyambazo, ndipo amatha msanga ngati zochitika zikuwatsutsa. Chachinayi ndi mmene munthu amamasulira zimene thupi lake likuchita, ngati kugunda kwa mtima akukuona ngati chizindikiro chakuti agwa kapena chakuti thupi likukonzekera. Chinanso chimene ndimachikonda pa chiphunzitso chake n'chakuti kudzikhulupirira kumeneku kumakhala kwa ntchito inayake. Munthu safunika kuyamba ndi kukhulupirira kuti ndi wodabwitsa pa zonse. Amafunika kukhulupirira kuti angathe kufunsa funso limodzi pa msonkhano wamawa, ndipo zimenezo zingathe kuyesedwa.

Choncho ganizo lofooketsa lingasandutsidwe chinthu choyesedwa. Ngati likunena kuti mukalankhula pa msonkhano anthu akusekani, lembani ulosi umenewo musanapite, lankhulani chiganizo chimodzi chokha, ndipo pobwera mulembe zimene zachitikadi. Kawirikawiri mupeza kuti anthu sanali kukuyang'anitsitsani ngati mmene munkaganizira. Thomas Gilovich ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell anasonyeza zimenezi mu 2000, pamene anaveketsa ophunzira malaya okhala ndi chithunzi cha woimba wina amene achinyamata ankachita naye manyazi, n'kuwalowetsa m'chipinda mmene munali anzawo. Ovalawo ankaganiza kuti pafupifupi theka la anthuwo laona chithunzicho, koma amene anachionadi anali pafupifupi munthu 1 mwa anthu 4 alionse. Chofunika pa kuyesa kotereku n'chakuti sitepe yoyamba ikhale yaing'ono moti ingatheke ngakhale muli ndi mantha, koma yaikulu mokwanira kuti mukaichita muone kuti mwachitadi kanthu. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Ndipo zimene zachitika zilembedwe tsiku lomwelo, chifukwa mukachedwa, chizolowezi chochotsera phindu chija chidzanena kuti zinali zosavuta.

Ambiri timadikira kuti mtima ulimbe kaye kenako tichite, koma nthawi zambiri kulimba mtima kumabwera pambuyo pa kuchita. Mu 1996, Neil Jacobson ndi anzake anayerekeza chithandizo chonse cha Beck ndi mbali imodzi yokha ya chithandizocho, yongothandiza odwala kubwerera ku zochita zimene anazisiya, ndipo anapeza kuti mbali imodziyo inathandiza mofanana ndi chithandizo chonse. Izi sizikutanthauza kuti kufunsa maganizo n'kopanda ntchito, koma zikusonyeza kuti munthu amene wadzuka, wasamba, wayimbira mnzake foni ndipo wamaliza kantchito kamene kanali kakumulemera, wayankha kale ganizo lakuti palibe chimene angachite, ngakhale kuti sanakangane nalo.

Ndisanamalize, pali chinthu chimene sindingachisiye, chifukwa kuchisiya kungakhale kusalungama kwa anthu ambiri. Si ganizo lililonse lowawa limene ndi lopotoka. Munthu amene akuzunzidwa m'banja akaganiza kuti sali pa mtendere, akunena zoona. Amene wachotsedwa ntchito ndipo ali ndi ana akada nkhawa ndi mawa, nkhawa yake ili ndi maziko. Kuuza anthu otere kuti vuto lili m'maganizo mwawo ndi kuwasenzetsa katundu wina pamwamba pa amene ali naye kale. Kufunsa umboni kumagwira ntchito mbali zonse ziwiri, ndipo umboni ukasonyeza kuti vutolo ndi lenileni, ntchito imasintha, imakhala yosiyanitsa vutolo ndi chiweruzo chimene chamatidwapo. "Ndilibe ntchito" ndi zoona zofuna njira. "Ndine wopanda pake" ndi chowonjezera chimene chimalanda mphamvu zofufuzira njirayo. Susan Nolen-Hoeksema anasonyeza pa kafukufuku wake wa m'zaka za m'ma 1990 kuti kumangozungulira pa funso lakuti "n'chifukwa chiyani ine" kumatalikitsa kukhumudwa, pamene munthu amaona ngati akuthetsa vuto.

Chitsanzo chabwino cha kusintha funsoli chili ku Zimbabwe, kumene dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda anayambitsa ntchito yotchedwa Friendship Bench mu 2006 mumzinda wa Harare. Agogo aakazi ophunzitsidwa amakhala pa benchi pafupi ndi chipatala, kumvetsera munthu wovutika, kumuthandiza kutchula mavuto ake limodzilimodzi, kusankha limodzi loyamba nalo, ndi kupeza chimene angachite pa limenelo. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 m'magazini ya zachipatala ya JAMA anapeza kuti patapita miyezi 6, mwa anthu 100 alionse amene anathandizidwa motere, pafupifupi 14 ndi amene anali adakali ndi zizindikiro za matenda ovutika maganizo, poyerekeza ndi pafupifupi 50 mwa amene analandira chisamaliro cha masiku onse. Agogowo sauza munthu kuti zonse zili bwino, ndipo munthuyo sachita ntchitoyi yekha.

Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwa amene maganizo awo ofooketsa afika pokhala matenda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linawerengera kuti mu 2019 anthu pafupifupi 280 miliyoni anali ndi matenda ovutika maganizo. Ngati kukhumudwa kwatenga milungu iwiri kapena kuposerapo pafupifupi tsiku lililonse, ngati zinthu zimene zinkakusangalatsani sizikukomanso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, ndipo ngakhale kugwira cholembera kuti mufunse ganizo limodzi kukuoneka kolemera, pamenepo pakufunika dokotala, namwino kapena mlangizi wophunzitsidwa, chifukwa matendawa amachizika ndi uphungu, ndi mankhwala, kapena ndi zonse ziwiri. Ndipo ngati ganizo limene likubwera ndi lakuti anthu angapepukidwe inu mutamwalira, limenelo musalizenge nokha m'chipinda. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, m'mawu omwewo amene ganizolo likugwiritsa ntchito, ndipo mumupemphe kuti akuperekezeni kuchipatala.